Ndinati Akubwera ndi Njinga

Mwamuna wanga anamwalira kukampu ya othawa nkhondo ku Malawi, dzinja lomaliza tisanabwerere kwathu. Anatsegula m'mimba masiku atatu, lachinayi kutacha anali atazizira. Misozi inatuluka, koma mawu sindinatulutse. Kukampu kulira mokweza kunali kuitana mkulu woyang'anira nyumba za mbali yathu, ndipo iye akamva za imfa ankatenga kartau yolandirira chakudya n'kukachotsapo mutu umodzi. Kartau yathu inali ya anthu atatu: iye, ine ndi mwana wathu wamkazi wa zaka zisanu ndi zitatu. Ufa wa anthu atatu unkatha tsiku logawa lisanafike. Wa anthu awiri sindinafune kuuona.

Anandithandiza ndi banja loyandikana nalo, anthu a ku Milange. Tinadikira mvula yamphamvu ya masana imene imalowetsa aliyense m'nyumba. Bamboyo anakumba kuseri kwa nyumba yathu, ine ndi mkazi wake tinakulunga thupi m'nsalu ya kapulana ndi mphasa. Titakwirira tinaunda mzere pamwamba n'kubzalapo kholowa. Sitinali oyamba. Kuseri kwa nyumba zambiri kunali mizere ya mbatata, ndipo panalibe wofunsa mnzake chifukwa chimene sankakumbira mbatata zake.

Mwana ndinamuphunzitsa yankho. Munthu aliyense akafunsa kuti bambo ako ali kuti, uziti apita kumsika. Tsiku lina ndinamumva akuuza mnzake pamasewera kuti bambo ali pansi pa mbatata. Ndinamukokera m'nyumba, ndinamumenya ndi lamba wa bambo akewo mpaka anadzikodzera. Ndinamutseka pakamwa ndi dzanja kuti asalire mokweza. Sanalakwitsenso.

Anthu odzatiwerenga ankabwera kukampu osachenjeza. Galimoto yoyera, zipewa, mapepala, munthu womasulira. Tinkawatcha olemba. Zaka zisanu ndi ziwiri zinatiphunzitsa chinthu chimodzi: wobwera pa galimoto yoyera akakufunsa kuti muli angati, onse ali moyo. Wina ali kumsika, wina wapita kukatola nkhuni, wina ali kuchipatala. Uyankhe msanga, nkhope ili yowala.

Mtendere utabwera anatikweza m'makamiyau, magalimoto akuluakulu a katundu, n'kukatitsitsa pa Mandimba, titangooloka malire. Anatiuza kuti tidikire makasu, mbewu ndi lona wofolerera. Tinaima pa bisha, mzere wautali wopindika kuzungulira nyumba yopanda denga, masiku awiri osalandira kanthu. Tsiku lachiwiri kunafika galimoto yoyera. Munatuluka mzungu wamkazi wowonda, mwamuna wamtali atanyamula makina paphewa, ndi wina wogwira ndodo yokhala ndi chinthu chaubweya kunsonga ngati mphaka wakufa. Anali ndi womasulira, bambo wa ku Cuamba wolankhula Chinyanja cha lilime la Chimakuwa. Anthu ataona makinawo anayang'ana pansi, ena anabisa nkhope. Womasulirayo anakwera pamwala n'kufuula:

"Musathawe, abale! Awa ndi olemba! Wolankhula bwino ndi awa sadzaiwalika!"

Ndinachoka pa bisha ndikukoka mwana. Ndinapukuta nkhope yake ndi malovu.

"Mayi, muli angati pabanja panu?"

"Atatu, bambo."

"Wachitatu ali kuti?"

"Atsala m'mbuyo."

Mawu amenewo sanali bodza, ndipo akanandisiya pomwepo bwenzi ndilibe cholemba. Koma mzunguyo analankhula, womasulira anatembenukira kwa ine.

"Akufunsa kuti amuna anuwo ali moyo?"

"Ali moyo. Akubwera ndi njinga. M'kamiyau anakana njinga, ndiye akupalasa."

Njinga sitinakhalepo nayo. Sindidziwa kumene inachokera. Inangotuluka m'kamwa, ndipo nditaona mzunguyo akumwetulira ndinaonjezera. Ndinati njingayo ndi yakuda, yamanga nkhuku ziwiri kumbuyo. Ndinati akafika tikalima chimanga ndi fodya ku Ngauma, tikamanga nyumba ya zipinda ziwiri. Mzunguyo anagwada pamaso pa mwana wanga, womasulira anamufunsa kumene kuli bambo ake.

"Apita kumsika," anatero mwana.

Onse anaseka, inenso ndinaseka.

Kenako anandipempha kuti ndikaime m'mbali mwa msewu wochokera kumalire, ndiziyang'ana kutali. Ndinaima. Anati ndibwerere ndikayambirenso, ndiyende pang'onopang'ono, ndiike dzanja pamphumi. Ndinachita katatu. Ndinkayang'anadi msewu ndi mtima wonse, chifukwa kumeneko n'kumene kamiyau ya makasu inkayenera kutulukira. Atatha anandigwira chanza n'kupita. Sanalembe dzina langa papepala lililonse. Malo anga pa bisha ndinapeza atatsekeka, ndinakayambira kumapeto. Khasu ndinalandira limodzi.

Mudzi wa kwathu unali utatha. Mayi anga anafa nkhondo ili mkati, amalume palibe ankadziwa kumene anathawira. Ndinapita kumudzi kwa mwamuna wanga ku Ngauma, kumene anali atanditengera chitengwa tisanathawe. Ndinapeza apongozi anga, mayi ake, ali moyo. Iwo sanathawire ku Malawi, anakhala m'mapiri zaka zonsezo. Ndinapezanso mlamu wanga, mng'ono wake wa malemuwo, atabwera kuchokera ku usilikali ndi mkazi wa Chiyao.

Ndinanena tsiku lomwelo, ndisanamasule katundu. Ndinagwada pakhonde n'kufotokoza zonse, matenda, mvula, mphasa, kholowa. Za azungu a ku Mandimba sindinanene. Ndinali nditaziiwala monga ndinkaiwalira olemba onse akangopita. Apongozi anayamba kutola timiyala pansi n'kumatitaya.

"Mwana wanga woyamba," anatero, "pansi pa mbatata ngati khoswe."

"Inali njala, amayi."

"Njala ndikuidziwa. Musandiphunzitse njala."

Koma anandikhulupirira. Anagwirizana ndi mlamu kuti maliro achitike tikakolola. Adzaitana akatekisita, abale adzasonkhana, amayi adzakhala nane m'nyumba n'kulira nane, kenako adzandimeta n'kundisudzula monga amachitira ndi mkazi wamasiye. Nthawi imeneyo m'mudzi munalibe chodyetsa anthu, ndipo apongozi anati maliro opanda chakudya n'kunyoza wakufa kachiwiri.

"Mwasunga kulira miyezi yonseyi," anandiuza. "Sungani pang'ono."

Ndinasunga. Dzinja lonse ndinalima ndi khasu limodzi lija, tikumalandizana ndi mwana. Munda unali utabwerera kukhala tchire, ndipo tinkaponda pokhapo pamene mbuzi zaponda kale, poopa mabomba okwiriridwa. Ndikatopa ndinkaganiza za tsikulo. Ndinali nditasankha kale mawu amene ndidzalire nawo. Ndinkawabwereza mumtima ndikupalira, osatsegula pakamwa. Chimanga chinacha bwino ndithu. Tinanyika china kuti chimere, cha thobwa la pamaliro. Chimera chinali chili padzuwa pamene uthenga unafika woti Lamulungu tikatuluka m'tchalitchi kusukulu kudzakhala filimi ya anthu obwerera kwawo.

Ambiri a ife tinali tisanaonepo filimi. Apongozi anavala kapulana yawo yabwino. Mazenera a sukulu anatsekedwa ndi mphasa ndi masaka, panja injini ikulira, mkati kutentha ngati m'chigafa cha fodya. Televizau anaiika pamwamba pa matebulo awiri. Amene anaibweretsa anali womasulira uja. Ndinamuzindikira, ndipo ndinaganiza kuti mwina tsopano abweretsa zimene analemba.

Poyamba zinali zosangalatsa. Makamiyau, fumbi, anthu akutsika ndi mitolo. Wina akaona munthu womudziwa ankakuwa, onse n'kuseka. Panaoneka bambo wopanda mwendo akuumba njerwa, ana ogona pansi pa mabogi a sitima ku Cuamba, asodzi a ku Amaramba akusoka maukonde owola. Mawu a Chipwitikizi ankalankhula pamwamba pa zithunzizo, ndipo mphunzitsi wa pasukulupo anaima pambali n'kumatimasulira.

Kenako ndinaona mkazi wakuda, wowonda khosi, atagwira mwana padzanja. Kapulana ndinaidziwa ndisanadziwe nkhope.

"Agogo, si mpongozi wanu uyo?" anafuula mayi wina.

Anthu anaomba m'manja. Apongozi anandigunda ndi chigongono akuseka. Inenso ndinaseka, pakuti ndinali ndisanadzionepo ndikuyenda. Ndiye mkazi wa m'bokosiyo anatsegula pakamwa, ndipo panalibe chofunika kumasulira.

"Ali moyo. Akubwera ndi njinga."

Anali wosangalala mkazi ameneyo. Mano onse panja. Ananena za nkhuku ziwiri, za nyumba ya zipinda ziwiri. Mwana anati apita kumsika. Kenako mkaziyo anaima pamsewu dzanja lili pamphumi, nyimbo yachisoni ikulira, ndipo mphunzitsi anamasulira mokweza, mawu amodziamodzi, monyadira ntchito yake:

"Akuti mayi uyu amaima pano tsiku lililonse kudikira mwamuna wake. Akuti dziko lonse likudikira pamodzi naye."

Filimi inathera pamenepo, pa nkhope yanga. M'chipindamo munangomveka injini ya panja. Chigongono cha apongozi chinali chitachoka pa ine.

Sanandifunse kusukulu. Tinayenda mpaka kunyumba, iwo patsogolo, ndipo ndinaona kuti akuyenda msanga kuposa masiku onse, ndodo osaigwiritsa ntchito. Titafika anakhala pakhonde, mlamu anakhala pampando, ine pansi.

"Zija zinajambulidwa liti?" anafunsa mlamu.

"Tsiku lachiwiri titafika pa Mandimba."

"Ndiye kuti achimwene anali atamwalira kale miyezi ingati?"

"Isanu."

"Munthu wakufa miyezi isanu akupalasa njinga. Alamu, amenewo ndi mankhwala a ku Malawi?"

Ndinafotokoza za kartau, za olemba, za galimoto yoyera. Ndinati aliyense wa kukampu akanayankha chimodzimodzi, afunse aliyense amene anabwerera. Mlamu anati iye wakhala m'tchire ndi mfuti zaka zambiri koma sanaonepo munthu akuseka chonchija mwamuna wake ali m'manda. Apongozi sankamvera zimenezo. Maso awo anali owala.

"Bokosi lija lilibe mimba," anatero. "Linamirenji?"

"Bokosi silinaname, amayi. Ndinanama ndine."

"Ndiye mumanama."

"Kwa alendo."

"Kwa alendo mumanama, kwa ife mumanena zoona. Tidziwa bwanji kuti alendo ndi ati?"

Anaitana mwana. Anamukhazika pamiyendo pawo, anamusisita mutu, anamufunsa mofatsa ngati akumufunsa chimene akufuna kudya.

"Iwe mzukulu wanga, usaope. Bambo ako ali kuti?"

Mwana anandiyang'ana. Ndinamuuza kuti anene zoona, kuti tsopano zaloledwa, kuti palibe amumenye. Ndinakweza mawu pouza, ndipo mwina ndi pamene ndinalakwitsa. Anayang'ana manja anga.

"Apita kumsika," anatero.

Apongozi anaimirira, anapita pamene panali chimera padzuwa, anakoka mphasa n'kuchikhuthulira nkhuku.

"Munthu wamoyo sitimulira," anatero. "Amene alire mwana wanga pamudzi pano ndiye amene akumupha."

Maganizo awo anali osiyana, mayi ndi mwana. Apongozi ankati tinakangana kukampu, mwana wawo anakwatira Mmalawi, ine manyazi anandigwira n'kumupha ndi pakamwa. Mlamu ankati ndinamuthawa ali wodwala, ndipo ndikufuna andisudzule msanga chifukwa ndili ndi mwamuna wina. Anthu ena obwerera anali m'mudzimo, ndipo ankadziwa bwino za mizere ya mbatata. Ndinapita kwa mayi wina amene ndinkadziwa kuti anaika mwana wake chimodzimodzi. Anandiyankha ali chitembenukire kumbali, akusenda chinangwa.

"Ine wanga ndinamuika kumanda, ndi mtanda. Za mbatata ndikumva kwa inu."

Pachitsime anayamba kunditcha mayi a njinga. Ndikadutsa, wina ankaliza belu ndi pakamwa, ena n'kupatuka panjira ngati akuopa kugundidwa. Mlamu akandipeza kumunda ankaima n'kuyang'ana kumsewu, dzanja pamphumi.

"Alamu, sanafike? Mwina tayala laphulika pa Chiponde."

Ndinamuuza kuti tipite ndikamuonetse manda. Anavomera, ndikuganiza kuti ankafuna kundigwira bodza pamaso. Tinadzera pa Mandimba n'kuoloka malire wapansi. Kampu sitinaipeze. Nyumba zonse zinali zitagwetsedwa, eni malo anatenganso minda yawo, ndipo pamene panali anthu osawerengeka panali mizere ya fodya wodulidwa kuchokera kumsewu mpaka kumtsinje. Ndinkadalira mtengo wa mango umene unali pafupi ndi nyumba yathu. Mitengo yonse inali zitsa, ndipo zitsa zinali zambiri. Ndinayenda uku ndi uku ndikuwerenga mapazi kuchokera pamene panali mjigo. Ndinaloza malo ena. Nditayang'ana phiri ndinaona kuti silinakhale mmene linkaonekera ndili pakhomo panga, ndipo ndinaloza ena.

"Apa kapena apo?" anafunsa mlamu.

"Ndikuganiza kuti apa."

"Mukuganiza. Mkazi amaganiza manda a mwamuna wake?"

Mwini munda anabwera ndi chikwanje m'manja. Titamuuza chimene tikufuna anaseka mopanda chimwemwe.

"Zaka zonse zija mwatidyera malo, mwatithera nkhuni, lero mukufuna kukumba munda wanga? Muno mulibe manda. Ndalima ndekha, sindinapeze fupa ngakhale limodzi. Manda a anthu anu ali uko kumtsinje, pitani mukawerenge."

Bambo wa ku Milange uja anali atakumba mozama tsiku lija, poopa agalu. Ndinamuyamika nthawi imeneyo. Kumene iye ndi mkazi wake anapita sindinkakudziwa, ngakhale dzina la mudzi wawo. Pobwerera mlamu sanandiseke. Anayenda patsogolo mpaka pa Mandimba, kumene anati:

"Akakhala kuti anafa, munamutaya. Akakhala kuti ali moyo, munamutaya. Kwa ine n'chimodzimodzi. Koma amayi akudya tsopano, akugona tulo. Sindiwalanda zimenezo chifukwa cha inu."

Kunatsala womasulira. Mphunzitsi anandiuza kuti amagwira ntchito m'nyumba yosungira katundu pafupi ndi siteshoni ya sitima ku Cuamba. Ndinasiya mwana kwa mkazi wa mlamu n'kukwera shapa, galimoto ya matola, yodzaza matumba a nsomba zouma. Cuamba ndinali ndisanafikeko. Ndinafunsa anthu ambiri, ena ankandiyankha m'Chimakuwa chimene sindimva, mpaka mlonda wina anandilozera khomo.

Nditalowa ndinadziona ndekha pakhoma. Chinali chipepala chachikulu, ine ndili pamsewu dzanja pamphumi, pansi pake zilembo zachizungu. Womasulirayo anayang'ana ine, anayang'ana khoma, anaomba m'manja.

"Ndi inuyo! Mayi athu otchuka! Khalani, khalani. Bambo anafika?"

Ndinamuuza zonse, ndili chiimire. Anamvetsera atatsegula pakamwa. Nditafika pa mbatata anagwira mutu.

"Mayi, mukudziwa kuti m'filimi yonse ija anthu anakonda inu? Kunja kwa nyanja aionetsa m'nyumba zazikulu. Mzungu uja analemba kalata, akuti anthu analira. Azungu enieni, kulira ndi mipango."

"Analira chiyani?"

"Analira inu. Kudikira kwanu."

Ndinamupempha zinthu ziwiri. Choyamba, andiikenso m'bokosi ndinene zoona, akaonetse kusukulu komwe kuja apongozi ali pompo. Anati makina anapita ndi eni ake, iye anangotsala ndi kaseti imodzi yozungulira nayo m'midzi, ndipo mawu a m'kaseti safufutika ngati choko. Chachiwiri, abwere yekha ku Ngauma akauze apongozi kuti iye ndi amene anatiuza kuti azungu aja ndi olemba.

"Ine ndinanena zimenezo?"

"Munakwera pamwala."

"Ndinati olemba. Kodi sanalembe? Analemba ndi makina." Anaseka pang'ono, kenako anasiya. "Mayi, taganizani. Anthu ali pa bisha masiku awiri ndi njala. Ndikanati awa sagawa kanthu, angofuna nkhope zanu, ndani akanachoka pamzere? Inenso ndinali pa ganyu. Akanapanda kupeza wolankhula, akanatenga womasulira wina."

"Ndiye mukanene zomwezo kwa apongozi anga."

"Ndikanene kuti ndinanamiza anthu? Midzi imene ndikupita ndi kaseti ija ndi yambiri. Zikamveka, andigenda."

Anandipatsa madzi akumwa m'kapu yagalasi. Ndikumwa, anayang'ananso chipepala chija, akugwedeza mutu.

"Koma nkhani yanu yeniyeniyi ndi yabwino kuposa ija. Mbatata! Mzungu uja akanaimva, bwenzi filimi yonse ili ya inu nokha. Munabisiranji?"

Ndinaika kapu pansi n'kutuluka. Kaseti anapitiriza kuzungulira nayo. Patapita miyezi, ogulitsa nsomba ochokera ku Entre Lagos ankandizindikira pamsika n'kundifunsa ngati bambo anafika.

Apongozi anakhala moyo madzinja ena anayi. Ankapita kumsewu waukulu tsiku lililonse la msika, n'kukhala pansi pa mtengo kuyang'ana okwera njinga. Ankafunsa oyendetsa makamiyau. Anthu ankawamvera chisoni n'kumawapatsa zimene akufuna. Wina anati anamuona ku Amaramba akuyanika nsomba, wina anati ali ku Entre Lagos amanyamula katundu pa sitima, wonenepa, ali ndi ndevu. Uthenga uliwonse ankabwera nawo kwa ine akuthamanga. Sanandithamangitse pamudzi. Ankandigawira ndiwo, ankandithandiza kusoka fodya. Bambo wina wamasiye wa kutchalitchi atatumiza mawu ofunsira, anamubweza okha, akuti mpongozi wawo ndi mkazi wa mwini.

"Musadandaule," ankandiuza. "Akabwera ndidzamukalipira ine. Mkazi wa ku Malawiyo sadzaponda pano."

Masiku amenewo ndinkalakalaka akanandimenya.

Ndinayesapo kulira ndekha kumunda. Sizinatheke. Kulira maliro kumafuna anthu okuyankha, wina akugwire paphewa, wina alandire mawu ako ukatopa. Ndekha ndinkangomveka ngati munthu woitana mbuzi, ndipo ndinkasiya.

Apongozi anamwalira mwezi wozizira, ndi chifuwa. Mawu awo omaliza kwa mlamu anali oti munda wa kumtunda asaugawe, ndi wa mkulu wake. Thupi analigoneka m'nyumba mwawo, amayi tinakhala mozungulira, amuna panja. Monga mpongozi ndinakhala pafupi ndi mutu. Mkazi wa mlamu anayamba kulira, ena analandira, nyumba yonse inadzaza. Ndinatsegula pakamwa kuti ndilire apongozi, ndipo ndinkafunadi kuwalira. Koma mawu amene anatuluka anali aja ndinasankha ndikupalira chaka choyamba.

Ndinalira mwamuna wanga. Ndinamuitana monga ndinkamuitanira m'nyumba. Ndinamuuza kuti ndinamuika m'matope opanda nyimbo, kuti ndinadya ufa wake miyezi isanu, kuti mwana wake wakula. Amayi ena anayamba kundiyankha asanamve bwino. Dzanja la wina linali paphewa panga. Kwa kanthawi, sindidziwa kutalika kwake, ndinali mkazi wamasiye pakati pa anzake. Kenako mawu anayamba kuzima amodziamodzi, dzanja linachoka, ndinatsala ndekha ndikufuula. Pakhomo panaima mlamu.

"Mutulutseni," anauza amayiwo. "Maliro awa si ake. Amayi sanazizire n'komwe, iye wayamba kale kuwaphera mwana."

Anandigwira awiri, wina uku wina uku, osati mwankhanza. Anandikhazika kuseri kwa chigafa n'kubwerera m'nyumba. Ndinayesa kupitiriza pamene ndinalekera, koma kunalibe wolandira. Kumanda ndinayenda kumapeto kwa mzere.

Tsiku lometa abale onse anakhala pamphasa pabwalo, ndipo ine ndinakhala nawo, pakuti mpongozi amametedwa pa maliro a apongozi ake. Wometa anali mayi wachikulire wa mudzi woyandikana, wanthabwala monga amakhalira adzukulu. Atafika pa ine ananyowetsa tsitsi langa, anapukuta lumo pa kapulana yake, anawerama n'kufunsa mokweza kuti onse amve:

"Nanga inu mayi a njinga, tikumeteni ya ndani?"

Anthu anaseka, ngakhale ena amene maso awo anali otupa. Mlamu sanaseke, anali kuyang'ana kuti ndiyankha chiyani.

"Metani basi," ndinatero.

Anameta. Atamaliza, mlamu anaimirira n'kulengeza kuti maliro a mayi ake atha, ndipo munda wa kumtunda ukhala wosalima mpaka mwini wake abwere.